Mutu 6: Tepi Pansi pa Mpango

1. Malangizo a anthu awiri

Moira Dunne anali mtsikana amene mafilimu anamulowa m'magazi. Ankaphunzira za kanema pa koleji ina mu London, ndipo Loweruka masana, anzake akamazungulira m'masitolo, iye ankakhala mumdima wa nyumba ya kanema kuonera mafilimu oopsa a Bambo Edmund Varley mpaka kuwaloweza.

Bambo Varley anali atakalamba tsopano. Kwa zaka zambiri anapanga mafilimu ochititsa anthu kugwira mpando ndi manja onse awiri, koma anali atasiya kalekale kucheza ndi atolankhani. Choncho atavomera kuti Moira akawafunse mafunso oti alembe m'magazini ya ana asukulu, koleji yonse inagwedezeka.

Amene anagwedezeka kwambiri anali Bambo Crossley, mphunzitsi wake wa Moira. Iwowa ankalemba buku la moyo wa Bambo Varley, koma mutu womaliza unkawakanika chifukwa mwini nkhani anakana kuwaona. Anali munthu wolankhula mofatsa, womwetulira ndi mano okha, mtundu uja wa anthu amene amakuyamikira usanachite kanthu.

Anamubwereka Moira makina a koleji ojambulira mawu, aja a timagudumu tiwiri, kena kopereka tepi, kena kolandira. Kenako anamutsina khutu kuti nkhalamba zotchuka zimabwereza nkhani zomwezomwezo makina akamayenda. Zenizeni, anatero, zimatuluka munthu akanena kuti makina azimitsidwe.

"Akakakuuza kuti zimitsa, iwe ukangoliza kachitsulo ka chivundikiroka kuti kha, n'kuponyapo mpango wako wa m'khosiwo, aziyesa wazimitsa," anatero Bambo Crossley. "Si kuba kumeneko, n'kusunga mbiri. Ndipo dzina lako ndidzalilemba m'buku langa, patsamba loyamba."

Moira anabwerera kwawo akumwetulira yekha m'basi. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsikulo litafika anadzera kumalo a ntchito a bambo ake, amene ankameta anthu ku Kentish Town. Za mpango sanatchule, anangowaonetsa makinawo monyadira. Bambo Dunne anawayang'ana pang'ono, n'kupitiriza kunola lumo lawo.

"Mwana wanga, sukulu yakoyo ine sindiidziwa, koma ntchito yomvetsera anthu ndakalamba nayo," anatero. "Munthu akakhala pampando uwu ndimamufunditsa nsalu. Manja ake abisika, khosi lake lili kwa ine. Pamenepo amayamba kulankhula. Wina mkazi wamuthawa, wina dokotala wamuuza zoipa, wina mwana wake ali kundende. Sikuti amandikonda ayi. Amalankhula chifukwa akudziwa kuti ndikakutumula nsaluyi mawu ake agwa pansi pamodzi ndi tsitsi, ndipo madzulo ndisesa. Tsiku limene ndidzatole mawu amodzi n'kupita nawo kumowa, mpandowu udzagwa fumbi. Iwenso lero ukukafunditsa munthu nsalu. Ukatenge chimene wakupatsa, usakapise dzanja m'thumba mwake."

Moira anayankha kuti wamva, maso ali pa wotchi.

2. Chithunzi chozondoka

Nyumba ya a Varley inali pamtunda ku Highgate, yopyapyala, yakuda ndi utsi wa zaka zambiri. Anamutsegulira Mayi Varley, mayi wamfupi wa maso akuthwa, amene moyo wawo wonse ankadula ndi kulumikiza mafilimu a amuna awo. Anamukweza masitepe mpaka m'kachipinda ka zenera limodzi ndi chitseko cholemera, n'kubwerera kukhitchini.

Bambo Varley anakhala pampando atafulatira zenera. Makoma onse anali mabuku, ndipo ambiri mwa iwo ankanena za iwo omwewo. Moira atawayamikira, nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola.

"Onsewa amandidziwa kuposa mkazi wanga," inatero. "Wina akuti ndinkaopa amayi anga, wina akuti ndimadana ndi masitepe. Lokhuthala lija ndi labwino, timatchingira mphepo yolowera pansi pa chitseko. Yatsa makina akowo, mwanawe, tione ngati iwe uli ndi nzeru kuposa iwo."

Macheza anayenda bwino kuposa mmene Moira ankaganizira. Sanafunse za amayi awo kapena za masitepe. Anafunsa chifukwa chake m'mafilimu awo mawotchi samveka kulira, ndi chifukwa chake wakupha amakhala munthu waulemu kuposa wapolisi. Nkhalambayo inakondwa, inawongola msana, n'kuyamba kufotokoza zinthu zimene Moira sanaziwerengepo m'buku lililonse.

Kenako mtsikanayo anatulutsa chithunzi chimene anachisunga kuyambira ali mwana, cha mayi ataima yekha pamlatho wa sitima ndi sutikesi m'manja. Anatchula filimu imene chinachokera, n'kuchipereka. Bambo Varley anachilandira, anachibweretsa pafupi ndi nkhope, n'kuyamba kukamba za mmene anaikira magetsi usiku umenewo ndi mmene mthunzi unagwera pa nkhope ya mayiyo.

Moira anadikira pang'ono, koma pakamwa pake panalibe chotsekera.

"Pepani bambo, mwachigwira chozondoka."

Bambo Varley anatsitsa chithunzicho pang'onopang'ono n'kuchiika pamiyendo.

"Zimitsa makinawo, mwanawe."

Apa ndi pamene njira ziwiri zinapatukana, ndipo tisamunamizire Moira kuti anasokonezeka. Ankadziwa chimene akuchita. Dzanja lake linadutsa pa kachitsulo kozimitsira, n'kukagwira ka chivundikiro. Kha. Anavula mpango wake wofiira n'kuvundikira makinawo, ndipo pansi pake timagudumu tinapitiriza kuzungulira.

3. Zimene sizinali za tepi

Bambo Varley anayamba kufotokoza ndi mawu otsika. Maso awo anayamba kufa chaka chapitacho. Pakati pa chilichonse chimene ayang'ana pankakhala chimtambo chakuda, moti ankangoona za m'mphepete. Nkhope ya Moira sanaione, anangoona nsapato zake ndi chigongono.

Mwezi wotsatira ankayenera kuyamba kujambula filimu yawo yomaliza, ndipo eni kampani sankadziwa kanthu. Filimu yonseyo inali m'mutu mwawo, chithunzi ndi chithunzi. Anali atapangana kuti Mayi Varley aziima pambali pawo n'kumawatsina pachigongono, kamodzi zikayenda bwino, kawiri pakafunika kubwereza. Anthu amene anagwira nawo ntchito kuyambira nthawi ya nkhondo, a magetsi, osoka zovala ndi akalipentala, onse ankadikira filimu imeneyi. Kampani ikanangomva za masowo ikanatseka zonse tsiku lomwelo.

"Ndakuuza chifukwa waona wekha ndipo sunanamizire kuti sunaone," anatero. "Ena amabwera muno, amaona, n'kumangoti zoona bwana, zoona bwana. Iwe uli ndi chilungamo. Undisungire mpaka filimuyi ithe. Ikatha ukalembe ngakhale pakhoma la sitesheni."

Mawu akuti chilungamowo anamubaya Moira pamtima. Manyazi anamugwira, nkhope inatentha. Anayang'ana pa tebulo, ndipo pamene mpango unapindika anaona kagudumu ka kumanzere katawonda, tepi yatsala yochepa ngati chikopa cha anyezi.

Aliyense pakoleji ankadziwa chimene makina amenewa amachita tepi ikatha. Mchira wake umapulumuka n'kumakwapula chitsulo nthawi iliyonse kagudumu kakazungulira, ndipo phokoso lake limamveka mpaka panja pa kalasi. Kuwazimitsa nakonso sikunali kwa chinsinsi, chifukwa kachitsulo kake kanali kolimba ndipo kankalira kuti gwa. Nanga munthu angazimitse bwanji chinthu chimene wazimitsa kale?

Moira anagwira njakata. Anaganiza zotsokomola mwamphamvu kuti phokoso libisike, ndipo dzanja lake linayamba kukwawa pa tebulo.

4. Tiyi

Dzanjalo lisanafike, chitseko chinatseguka. Mayi Varley analowa ndi thireyi ya tiyi ndi masikono opaka jamu, ndipo poona kuti tebulo ladzaza ananyamula makinawo ndi mpango womwe. Anaima pang'ono atawagwira m'manja. Anamuyang'ana Moira. Kenako anakawaika pamwamba pa kabati pafupi ndi chitseko, anakoka mpando n'kukhala pomwepo.

Tsopano makina anali kutali, ndipo pakati pa Moira ndi chitseko panali mayi wachikulire akuthira mkaka m'makapu.

Moira ananena kuti basi imusiya. Mayi Varley anayankha kuti mabasi a ku Highgate satha, ndipo mwana woleredwa bwino sasiya tiyi m'kapu. Mtsikanayo ananenanso kuti bambo ake akumudikira. Bambo Varley anati ometa anthu ndi odekha, amadikira tsitsi kumera. Moira anapempha kupita kuchimbudzi. Anamuuza kuti chili pansi, koma makinawo awasiye, sathawa. Moira anaimirira, n'kukhalanso pansi.

"Unalemba m'kalata yako kuti ukufuna kudziwa mmene ndimaopsezera anthu," anatero Bambo Varley, akufufuza kapu yawo ndi zala. "Popeza makina ndi ozima, ndikuuze ulere. Anthu amayesa kuti ndimawaopseza ndi mipeni. Mpeni ndi wa ana. Ine ndimatenga munthu wabwinobwino, ngati iweyo, n'kumuchititsa kacholakwa kakang'ono, koti aliyense woonera anakachitapo. Kenako ndimamutsekera m'chipinda. Osati ndi kiyi ayi. Ndimamutsekera ndi ulemu. Ndimamupatsa kapu m'manja, ndimamuikira anthu omukomera mtima, moti kuthawa n'kudziulula, kukhala n'kudikira tsoka. Woonera amafuna kukuwa kuti dzuka, nena, zithe. Koma munthu wanga sadzuka. Amaganiza kuti mwina chinachake chimupulumutsa. Ndiye ine ndimangokhala, n'kusiya nthawi igwire ntchito."

Moira anayang'ana kapu yake. Anaiika pansi, n'kubisa manja pakati pa mawondo. Thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kunkazizira. Mayi Varley anamufunsa mofatsa ngati angamuwonjezere shuga.

Akanatha kudzuka pamenepo. Mawu awiri okha akanakwana. Koma Moira anayang'ana pansi n'kunena kuti shuga wakwana, zikomo.

5. Mchira wa tepi

Tchapu. Tchapu. Tchapu. Tchapu.

Phokosolo linadzaza kachipindako. Mpango wofiira unkadumphadumpha pamwamba pa kabati ngati muli nkhuku pansi pake. Palibe anagwedezeka. Mayi Varley anamaliza kaye tiyi wawo, kenako anaimirira, anachotsa mpangowo, n'kupotokola kachitsulo kaja. Gwa.

"Makinawo ndinawamva kuyambira pachiyambi," anatero Bambo Varley. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikukalipira anthu chifukwa cha kulira kwa makina kocheperapo kuposa kumeneko, ndipo maso akafa makutu amalowa m'malo. Ndinkadikira kuti udzuke wekha, unene kuti bambo ndalakwa. Ndinakupatsa tepi yonse."

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinapweteka. Moira anagwira kumaso n'kuyamba kulira. M'misozi momwemo anaulula zonse, za Bambo Crossley, za kachitsulo ka chivundikiro, ndi za dzina patsamba loyamba.

Mayi Varley anayamba ndi amuna awo. Anawafunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino, poika ntchito za anthu pachiswe n'cholinga chongofuna kuona ngati mwana adzuka pampando. Anati vuto lawo n'loti chilichonse amachiyesa filimu, ngakhale maliro awo omwe adzafuna kubwereza kawiri. Nkhalambayo inangokanda pachibwano. Kenako mayiwo anatembenukira kwa Moira.

"Tamvera kuno, mtsikana iwe. Crossley ameneyo ndimamudziwa. Buku lake lasowa mathero, ndiye akufunafuna maliro oti aikepo. Yekha sangalowe muno, n'chifukwa chake watuma iwe wa nkhope yosalakwa. Nkhaniyi ikatuluka iye adzaitanidwa ku wailesi, adzavala tayi watsopano. Koma anthu akadzafunsa kuti ndani anaba mawu a munthu wosaona m'nyumba mwake momwe, atamwa tiyi wake, iye adzatsegula tsamba loyamba lija n'kuloza dzina lako. Ntchito imene ukuifunayi ndi ya anthu ochepa, ndipo onse amadziwana. Palibe adzakutsegulirenso chitseko. Ine ndadula mafilimu mpaka zala kupindika, ndiye ndikuuze. Aliyense amatha kusunga zimene wajambula. Waluso ndi amene amalimba mtima kutaya pansi chinthu chokoma chifukwa si malo ake."

Atatero anafuna kuponya tepi yonseyo pamoto, koma Bambo Varley anakana. Anati mbali yoyamba ndi thukuta la mwanayo, ndipo mafunso ake anali abwino kuposa a mabuku onse a pakhomalo. Anatinso tepi angathe kulanda, nanga makutu ake alanda bwanji?

Mayi Varley anapuma mozama. Anabweza tepiyo m'mbuyo, akumvetsera pang'onopang'ono monga ankachitira kuntchito, mpaka anafika pamene Moira ankatulutsa chithunzi. Anaikapo chizindikiro ndi pensulo yachikasu imene ankayenda nayo m'thumba. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa sizasi yaying'ono, yakuda m'zogwirira chifukwa cha ukalamba.

"Dula apa. Uku n'kwako, uku n'kwathu."

Moira analandira sizasiyo. Kunali kungotseka zala ziwiri basi. Koma tepi inali ya koleji, ndipo Bambo Crossley akanaona msanga kuti yafupika. Ndi iwo omwewo amene ankachonga mayeso ake omaliza. Sizasi inatseguka, inakhudza chizindikiro chachikasu chija, n'kuima.

"Ndikadula kunyumba, mayi," anatero. "Manja akunjenjemera, ndingawononge."

Manja ankanjenjemeradi, koma chifukwa chenicheni sichinali chimenecho, ndipo onse atatu ankadziwa. Mayi Varley anatsegula pakamwa, koma amuna awo anakweza dzanja kuti amusiye. Mayiwo anakulunga tepi yonse pa kagudumu kamodzi, anakachotsa pamakinapo, anakalowetsa m'thumba la jekete la Moira pamodzi ndi sizasi, n'kumumanga mpango m'khosi mwamphamvu pang'ono kuposa mmene zinafunikira.

"Sizasi imeneyo ndinadulira filimu yathu yoyamba," anatero. "Udzaibweze wekha. Ukadzatuma munthu ndidzadziwa yankho."

6. Pachipata

Panja nkhungu inali itayamba kutsika, ngakhale kunali kusanade. Moira anapuma mpweya wozizirawo ngati munthu wotuluka m'madzi. Potsika masitepe a pakhonde anatsimikiza mumtima kuti apita molunjika kwa bambo ake, akawauza zonse, ndipo akadulira tepiyo pomwepo, zidutswa zake zikaseseredwe pamodzi ndi tsitsi. Maganizo anali abwino, kungoti anabwera mochedwa.

Atangotseka chipata, hutala inalira. Tsidya la msewu panaima kagalimoto kobiriwira ka zitseko ziwiri, ndipo Bambo Crossley anali akutuluka, mano onse pamtunda. Anati anaona kuti kukuzizira, ndiye sakanalola mwana wawo wanzeru kudikira basi ndi katundu wolemera. Asanayankhe n'komwe anali atamulanda kale makinawo.

Kumbali inayo kunatuluka bambo wina wa chipewa, amene anapinda mpando wakutsogolo kuti Moira alowe kumbuyo. Moira ananena kuti bambo ake akumudikira. Bambo Crossley anati akamutula pakhomo penipeni. Dzanja lawo linali pamsana pake, lofewa koma losabwerera, ndipo mtsikanayo anawerama n'kulowa.

Mpando unabwerera m'malo mwake. Wa chipewa uja anakhalapo, ndipo zitseko zonse ziwiri zinatsekeka. Kumbuyoko kunalibe chitseko, ngakhale zenera lake silinkatseguka.

"Awa ndi anzanga, amalemba m'nyuzipepala ya Lamlungu," anatero Bambo Crossley akuliza injini. "Amva mphekesera za maso a nkhalamba ija. Chatsala ndi umboni basi, ndipo ndawauza kuti mwana wanga sagwiritsa mwala."

Apa m'pamene Moira anazindikira kuti nkhaniyi sinali yodikira buku. Lamlungu linali pafupi. Anacheuka n'kuyang'ana nyumba ija, ndipo pazenera la pamwamba anaona Mayi Varley ataima, atagwira katani, akuonerera galimoto ikunyamuka.

Wa chipewa uja anaika makinawo pamiyendo n'kutsegula chivundikiro. Kha. Anayang'anamo, kenako anawapendeketsa kuti mnzake aone. Munali kagudumu kamodzi kokha, kopanda kanthu.

Kumwetulira kwa Bambo Crossley sikunachoke, koma maso awo anakwera pa kagalasi koonera kumbuyo n'kumupeza Moira pamene anakhala.

"Tepi ili kuti, Moira?"

M'thumba la jekete, dzanja la mtsikanayo linali litagwira kale zonse ziwiri, tepi ndi sizasi, ndipo chala chake chachikulu chinali chitalowa m'chogwirira cha sizasi.